Vitamini D, shuga ndi impso: zoti muchite musanagule botolo la mapiritsi

Munthu akangodziwika kuti ali ndi matenda a shuga, alangizi amachuluka. Wina abwera ndi khungwa la mtengo, wina ndi uthenga wa pa WhatsApp, ndipo masiku ano kwabweranso mabotolo a vitamini D amene akuti amatsitsa shuga n'kutsuka impso. Kuno ku Mangochi mabotolo otere savuta kupeza, chifukwa mabanja ambiri ali ndi mwana ku South Africa amene amatumizira makolo ake chilichonse chomwe wamva kuti n'chothandiza. Amatero mwachikondi ndithu. Koma zimandiwawa kuona agogo akumwa mokhulupirika mapiritsi odula m'mawa uliwonse, chonsecho mkodzo wawo sunayezedwepo chiyambire matendawo.

Vitamini D ndi wofunika, makamaka kwa munthu amene impso zake zayamba kufooka. Kungoti ntchito yake si imene ogulitsa amanena. Tiyeni tiyende nazo mwa ndondomeko.

Choyamba: dziwani njira imene vitamini D amadutsa m'thupi

Vitamini ameneyu ndi wosiyana ndi anzake, chifukwa wambiri thupi limadzipangira lokha. Dzuwa likawomba pakhungu, khungu limapanga vitamini D, ndipo wina pang'ono amachokera m'zakudya. Koma pamenepo amakhala asanayambe kugwira ntchito. Amapita kaye kuchiwindi kumene amasinthidwa koyamba, kenako ku impso kumene amasinthidwa kachiwiri kukhala chimene madokotala amachitcha calcitriol. Zili ngati chimanga: khungu limakolola, chiwindi chimakonola, impso zimagaya. Chigayo chikafa, nkhokwe ingadzaze bwanji, nsima kulibe.

Calcitriol ndiye amathandiza matumbo kutenga kashiamu m'chakudya kuti mafupa alimbe. Tsono shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri, amawononga timitsempha tating'ono ta mu impso timene timasefa magazi. Zikatero mavuto amabwera mbali zingapo. Impso zimachepetsa kupanga calcitriol. Zimayamba kutaya mapuloteni mumkodzo, ndipo ena mwa mapuloteniwo ndi amene amanyamula vitamini D m'magazi, ndiye naye amatayikira komweko. Zimalepheranso kutulutsa phosphorus, chinthu china cha m'zakudya chimene chikachuluka m'magazi chimatsitsa kashiamu. Kashiamu akachepa m'magazi, tiziwalo tinayi ta m'khosi totchedwa parathyroid timalamula thupi kuti likamutenge m'mafupa. Ndiye chifukwa chake odwala impso kwa nthawi yaitali amadandaula kuphwanya kwa mafupa, kufooka kwa ntchafu podzuka pamphasa, mwinanso kuthyoka fupa atangogwa pang'ono.

Mwaona pamenepa kuti nthawi zambiri impso ndi zimene zimayamba kudwala, vitamini D n'kuchepa pambuyo. Si kuchepa kwa vitamini D kumene kumayambitsa zonse.

Chachiwiri: musayembekezere zimene vitamini D sangachite

Ndi zoona kuti anthu ambiri odwala shuga akawayeza amapezeka ndi vitamini D wochepa, ndipo ndi zoonanso kuti timaselo ta m'kapamba topanga insulini timamva vitamini ameneyu. Izi zinapatsa akatswiri chiyembekezo chachikulu, choncho anayesa.

M'chaka cha 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa D2d. Anatenga anthu 2,423 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Theka ankamwa vitamini D wokwana 4,000 IU (IU ndi muyeso wa vitaminiyu) tsiku lililonse, theka lina mapiritsi opanda mankhwala. Patapita zaka pafupifupi ziwiri ndi theka, anthu 293 a gulu la vitamini D anali atadwala shuga, pamene gulu linalo anali 323. Kusiyana kunalipo, koma kochepa moti ofufuzawo sakanatha kutsimikiza kuti vitamini ndiye anachititsa. Mu 2023, ataphatikiza kafukufukuyu ndi ena awiri, anapeza kuti chiopsezo chimatsika ndi 15 peresenti mwa anthu amene shuga sanawagwire kwenikweni. Ndi thandizo, inde, koma laling'ono poyerekeza ndi kuchepetsa thupi ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, ndipo silikhudza amene akudwala kale.

Za impso nkhani yake ndi yomveka kwambiri. Chaka chomwecho cha 2019, kafukufuku wina wotchedwa VITAL-DKD anatsatira anthu 1,312 odwala shuga kwa zaka zisanu, ena akumwa 2,000 IU patsiku. Impso za omwa vitamini D zinafooka mofanana ndi za osamwa.

Choncho ngati mukumwa mankhwala a shuga monga metformin ndi glibenclamide, kapena mukubaya insulini, musasiye kapena kuchepetsa chifukwa mwapeza botolo la vitamini. Apa ndiye pamene anthu amapwetekera.

Chachitatu: yezetsani impso, ndipo apa musachite ulesi

Pa anthu atatu akuluakulu odwala shuga, pafupifupi mmodzi amadzakhala ndi vuto la impso. Choopsa chake n'chakuti zaka zoyambirira munthu samva kalikonse. Pofika potupa mapazi ndi nkhope, kuyabwa thupi lonse, nseru ndi kutopa kosatha, impso zimakhala zitawonongeka kwambiri. Mkodzo wochita thovu losatha msanga ndi chizindikiro china, koma musadikire kuliona.

Mukapita ku kiliniki ya shuga ndi BP, kaya pachipatala chachikulu cha pa boma, kaya ku Monkey Bay kapena ku St Martin's ku Malindi, pemphani zinthu zitatu. Akuyezeni BP ulendo uliwonse. Akuyezeni mkodzo kuona ngati muli mapuloteni. Amangoviika kapepala, ndipo sizitenga nthawi. Akuyezeninso magazi kuona creatinine, amene amasonyeza mphamvu ya impso. Ngati chipatala chaching'ono cha kwanuko sichiyeza magazi amenewa, pemphani kalata yopita nayo pa boma. Wodwala shuga wa akuluakulu ayezetse atangodziwika ndi matendawa, kenako kamodzi chaka chilichonse. Amene anayamba shuga ali mwana n'kumabaya insulini, kuyezetsa kumayamba pakatha zaka zisanu.

Musachite manyazi kufunsa kuti, “Adokotala, impso zangazi zili pa nambala yanji?” Kuchokera pa creatinine amawerengera nambala yotchedwa eGFR. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kupitirira, ndiye kuti muli ndi matenda a impso okhalitsa. Ikatsika pansi pa 30, metformin sayeneranso kumwedwa ndipo mankhwala ena ambiri amafuna kusinthidwa. Pansi pa 15 impso zatsala pang'ono kulephereratu. Auzeni alembe nambalayo m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku, kuti chaka chamawa mudzafananitse.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chinanso chimene mabuku a kunja satchula: likodzo. Amene amasamba, kuchapa kapena kukoka makoka m'nyanja, mu Shire kapena ku Malombe, tizilombo ta likodzo tingathe kukhala m'chikhodzodzo chake zaka zambiri. Timachititsa magazi ndi mapuloteni kupezeka mumkodzo, zimene zingasokoneze zotsatira, ndipo likodzo losachiritsidwa limatha kutseka njira za mkodzo mpaka kuwononga impso. Wodwala shuga sayenera kusenza katundu wachiwiriyu pamene mankhwala ake, praziquantel, alipo. Muwauze adokotala ngati mumalowa m'madzi, ngakhale simunaonepo magazi pokodza.

Nanga kuyeza vitamini D weniweniyo? Kumachitika makamaka m'malabu olipira a m'mizinda ikuluikulu, ndipo anthu ambiri sakufunika kuyezako. Ngati ndalama ili yochepa, ipite ku thiransipoti yokayezetsa mkodzo ndi creatinine.

Chachinayi: gwiritsani ntchito dzuwa, koma mwanzeru

Dzuwa kuno silisowa, ngakhale mu June. Msodzi, mlimi, wakabaza, mayi woyanika usipa pathandala, onsewa amalandira lokwanira osaganizako n'komwe. Amene ndimawadera nkhawa ndi ena: agogo amene sachokanso m'nyumba, wodwala wogona, wogwira ntchito mu ofesi kapena m'sitolo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, munthu wonenepa kwambiri poti mafuta a m'thupi amasunga vitamini D osamutulutsa bwino, komanso amayi amene amavala zofunda thupi lonse potuluka. Khungu la munthu wokalamba limapanganso vitamini wochepa kuposa la wachinyamata.

Chochita n'chosavuta. Khalani padzuwa mikono ndi miyendo ili poyera kwa mphindi 20 mpaka 30, katatu kapena kanayi pa sabata. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo kuposa loyera. Dzuwa la mbandakucha limene timakonda kuothera nthawi yozizira ndi lokoma, koma silipanga vitamini wambiri. Yang'anani chithunzithunzi chanu: chikakhala chachitali kuposa inu, dzuwalo likadali lofooka pa ntchito imeneyi. Cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi nthawi yabwino, kutentha kusanafike poipa. Dzuwa lodutsa pagalasi la windo silithandiza konse.

Kwa amayi ovala hijabu, palibe chifukwa chosiyira mwambo. Kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda, pamene mukusankha mpunga kapena kutsuka mbale, mikono ndi miyendo ingathe kuona dzuwa popanda wina wokuonani. Agogo ogona, atulutseni pa mpando kapena pa mphasa pabwalo, osati pakhonde pamthunzi, kenako muwabwezere asanatope.

Pali machenjezo amene sindingawadumphe. Munthu wachialubino asatsate gawo limeneli: dzuwa limamubweretsera khansa ya pakhungu, choncho apitirize kuvala chipewa ndi zovala zazitali manja, ndipo za vitamini D akambirane ndi adokotala kuti azimupeza m'zakudya kapena m'mapiritsi. Wodwala shuga asapondenso mchenga wotentha wa kunyanja opanda nsapato, chifukwa mapazi amene anachita dzanzi amapsa mwini wake osamva, ndipo chilonda cha paphazi mwa wodwala shuga chimatha kuthera kudulidwa mwendo. Mu October ndi November, pamene Mangochi amawotcha zenizeni, khalani ndi madzi akumwa pafupi, poti kuuma kwa thupi kumapweteka impso. Insulini yanu isakhale m'thumba pamene mukuothera dzuwa; kutentha kumaipha mphamvu.

Chabwino chake n'chakuti dzuwa silingakupatseni vitamini D wopitirira muyeso. Khungu likapanga wokwanira limaleka lokha. Mapiritsi alibe nzeru imeneyo.

Chachisanu: onjezerani ndi chakudya

Zakudya zokhala ndi vitamini D si zambiri. Nsomba ndizo zili patsogolo, makamaka zamafuta, ndipo apa ife tili ndi mwayi umene anthu a kumtunda amausirira. Chambo, kampango, utaka, usipa, idyani kangapo pa sabata. Nsomba zing'onozing'ono zodyera kumodzi ndi minga zimapatsanso kashiamu. Kachikasu ka m'kati mwa dzira kali naye pang'ono, chiwindi chimodzimodzi, ndipo majarini ena amawonjezeredwa. Werengani pa chikutiro. Shuga wa m'sitolo amathiramo vitamini A, osati D, ndiye wina asakunamizeni kuti supuni yowonjezera mu tiyi ikuthandizani.

Samalani ndi mchere. Nsomba zina zouma amaziwaza mchere wambiri, ndipo mchere umakweza BP, mdani wamkulu wa impso. Ziviikeni m'madzi, tayani madziwo, ndipo pophika musathirenso wina. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, m'buledi ndi m'timakyubu tokometsera. Nsomba yatsopano yophika ndi tomato ndi anyezi iposa yokazinga mafuta ambiri.

Ngati nambala ya impso yatsika kwambiri, malangizowa amasintha, chifukwa minga ya nsomba ndi zakumwa za kola zimakhala ndi phosphorus wambiri amene impso zofooka sizingamutulutse. Pamenepo kuchuluka kwa usipa pambale yanu akuuzeni ndi achipatala.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati mapiritsi akufunikadi

Ena amafunikadi mapiritsi: amene sangathe kukhala padzuwa, amene ayezedwa n'kupezeka ndi vitamini wochepa, ndi amene mafupa awo afooka. Mankhwala enanso amachepetsa vitamini D m'thupi, monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine a khunyu, komanso rifampicin wa TB. Mankhwala amenewa musasiye. Ingowakumbutsani adokotala kuti mukumwa.

Tengani botolo lija mupite nalo ku kiliniki musanalitsegule. Pa chikutiro fufuzani nambala yotsatana ndi zilembo IU. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi 600 IU patsiku, ndipo wopitirira zaka 70 amafunika 800 IU. Malire amene simuyenera kupitirira popanda dokotala ndi 4,000 IU patsiku. Mabotolo ena amalemba mcg m'malo mwa IU. 1 mcg ndi 40 IU, choncho 25 mcg ndi 1,000 IU. Alipo makapisozi a 50,000 IU amene amapangidwa kuti azimwedwa kamodzi pa sabata kwa nthawi yochepa. Munthu akawamwa tsiku lililonse akudzithira poizoni. Onaninso ngati simukumwa zinthu ziwiri zokhala ndi vitamini yemweyo, monga mapiritsi a kashiamu ndi a mavitamini osakaniza. Imwani pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, poti vitamini D amalowa bwino m'thupi ndi mafuta.

Vitamini D akachuluka, kashiamu amakwera m'magazi. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amadzimbidwa, amachita nseru, amafooka, mwinanso kusokonezeka mutu. Taonani msampha wake: ludzu ndi kukodzakodza ndi zomwezo zimene wodwala shuga anazolowera kuona shuga akakwera. Ndiye amangoti ndi shuga, n'kupitiriza kumwa mapiritsi, pamene kashiamuyo akupanga miyala mu impso ndi kuziwononga. Ngati mukumwa vitamini D ndipo zizindikiro izi zabwera koma shuga poyeza ali bwinobwino, siyani vitaminiyo tsiku lomwelo mupite kuchipatala ndi botolo lake.

Amene impso zawo zafooka kwambiri nthawi zina amapatsidwa calcitriol kapena alfacalcidol, vitamini D wosafunanso kudutsa ku impso kuti agwire ntchito. Awa ndi mankhwala amphamvu, amene muyeso wake umayambira pa 0.25 mcg, ndipo womwa amayenera kuyezedwa kashiamu ndi phosphorus kawirikawiri. Cholinga chake ndi kuteteza mafupa ndi kukhazika pansi tiziwalo ta m'khosi tija, osati kubwezeretsa impso. Musagule nokha, ndipo musagawireko mnzanu ngakhale matenda anu akuoneka ofanana.

Chachisanu ndi chiwiri: chitani zimene zimatetezadi impso

Makina a boma osefa magazi impso zikalephera ali kutali, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ofuna kuwagwiritsa ntchito ndi ambiri kuposa makinawo. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera amene akufunika kusefedwa magazi kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wa banja lonse umasokonekera. Ndiye mphamvu zanu zipite apa.

BP ikhale pansi pa 130/80 ngati n'kotheka. Mumkodzo mukapezeka mapuloteni, funsani za enalapril kapena losartan, mankhwala a BP amene amachepetsanso kutayika kwa mapuloteni ndi kuchedwetsa kuwonongeka kwa impso. Mukayamba kumwa amafuna kuyezanso magazi patapita masabata ochepa. Enalapril amatsokomoletsa anthu ena chifuwa chouma. Mukaona zimenezo musangosiya mwakachetechete, kanenani akusinthireni. Mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati sayenera kumwa mankhwala awiriwa. Kulinso mankhwala atsopano a shuga, empagliflozin ndi dapagliflozin, amene kafukufuku wasonyeza kuti amatetezadi impso. Ngati muli ndi kuthekera kogula, ndalama ya botolo la vitamini ija ingagwire ntchito yabwino kumeneko, adokotala akavomereza.

Shuga asamakwere ndi kutsika mwachisawawa. Chepetsani mitanda ya nsima, sankhani mgaiwa, chulukitsani masamba, siyani zakumwa zotsekemera. Dziwaninso kuti impso zikafooka, glibenclamide ndi insulini zimakhalitsa m'thupi, moti shuga amatha kutsika kwambiri mwadzidzidzi. Kunjenjemera, thukuta ndi njala yoopsa zikayamba kubwera pafupipafupi pa muyeso umene munauzolowera, musasangalale kuti shuga akutha. Kayezetseni impso.

Mafupa kapena msana zikamawawa, pewani brufen, diclofenac ndi indocid. Amagulitsidwa paliponse, koma amachepetsa magazi opita ku impso. Panado ndi wotetezeka mukamwa pa muyeso wake. Mankhwala azitsamba osadziwika muyeso, makamaka amene akuti amatsuka m'thupi, ndi oopsa kwa impso zodwala. Amene mukumwa ma ARV, ambiri mwa mankhwalawo ali ndi tenofovir amene amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa. Pitirizani kumwa, koma a ku kiliniki ya ma ARV adziwe kuti muli ndi shuga, ndipo a ku kiliniki ya shuga adziwe za ma ARV. Fodya, kaya wosuta kaya wachingambwe, musiyeni.

Mukatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, musagone kunyumba kudikira mawa. Thupi likauma, metformin ndi enalapril zimene zimakuthandizani masiku onse zingathe kuvulaza impso, ndipo achipatala angakuuzeni kuti muziimitse kwa masiku ochepa.

Kwa abale athu achisilamu, pitani ku kiliniki mwezi umodzi kapena iwiri Ramadani isanayambe, mutatenga buku lanu lokhala ndi nambala ya impso ija. Kukhala tsiku lonse osamwa madzi m'kutentha kwa kuno ndi katundu wolemera kwa impso zofooka, ndipo nthawi yomwera mankhwala a shuga imayenera kusinthidwa. Adokotala akanena kuti kusala kudya kukuikani pa ngozi, kakambiraneni ndi a Shehe. Chipembedzo chinapereka kale chilolezo kwa odwala.